Wotsogola M'chifunga

A Karnail Singh mukafuna kuwauza kanthu munkayenera kuwaimira kumanzere. Khutu lawo lakumanja linafa kalekale, ndipo tsaya la mbali yomweyo linali louma, moti akamaseka ankaseka ndi theka la nkhope. Sanabadwe otero ayi. Inawachita zimenezo ndi mphepo ya Januwale, chifukwa chaka ndi chaka, chifunga chikatseka msewu, ankayendetsa lole mutu uli panja pa windo, kusakasaka mzere woyera wa pakati pa msewu. Kuno ku Mandi Gobindgarh aliyense wodyera malole ankawadziwa. Ine ndinkawadziwa kuposa ambiri. Ndine Tarsem, wokonza zamagetsi pabwalo la malole la bwana Jagrup Singh, ndipo nyali za lole yawo ndinayamba kuzisintha tsitsi langa lidakali lakuda.

Anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Malerkotla, m'banja la ana aamuna ambiri ndi munda wochepa. Atagawana mundawo, gawo lawo linali loti njati yoweta ikagonapo mchira umakhala m'munda mwa mchimwene wawo. Ndiye anausiya, n'kubwera kuno kung'anjo zosungunula zitsulo. Anayamba ndi kutsuka matayala a anthu, kenako kukhala pambali pa dalaivala n'kumamuyatsira mbaula ya tiyi, mpaka tsiku lina anapatsidwa chiwongolero. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali imodzi yomweyo: kunyamula zitsulo zomangira nyumba, zazitali zija, kupita nazo ku Sangrur, ku Barnala, nthawi zina mpaka ku Bathinda. Mowa sankaulawa. Nduwira yawo inali yabuluu tsiku lililonse, ndipo chakudya chawo chinali chapati zimene akazi awo, mayi Gurmel Kaur, ankakulunga m'kansalu pamodzi ndi mango a tsabola. Ana awo aakazi awiri anawakwatiwitsa ndi lole yomweyo.

Sindikufuna kuwapaka mafuta ngati anali mngelo. Anali munthu wa liuma, wa pakamwa powawa, ndipo akakuphunzitsa kuyendetsa ankakuphunzitsa ndi khofi wapakhosi. Koma madalaivala onse asanu a pabwalo pathu anadutsa m'manja mwawo, ndipo onsewo ankawatchula kuti Ustad, dzina limene munthu amapatsa womuphunzitsa ntchito. M'mawa uliwonse ankawerama n'kuwagwira mawondo powapatsa moni. Iwo ankangoti, "Dzuka, undithyolera mwendo," koma theka lija la nkhope linkaseka.

Chifunga cha kwathu sichisewera. Chikagwa mu Disembala chimakhala mpaka Januwale atatha, ndipo masiku ena dzuwa limafika pamutu munthu osaona ngakhale bampala ya lole yako yomwe. Koma womanga nyumba ku Sangrur sadziwa zimenezo, akufuna zitsulo zake. Ndiye madalaivala ali ndi mwambo wawo wa makedzana. Malole a bwalo limodzi amanyamukira pamodzi, mondondozana, ndipo wamkulu ndiye amatsogola. Enawo amangotsata nyali zofiira za mnzawo wapatsogolo. Ndipo palibe amene amapitirira ustad wake. Kutero n'chimodzimodzi kumukoka ndevu pagulu, ndipo dalaivala wochita zimenezo tiyi amamwa yekha moyo wake wonse.

Mwambowu ine sindiunyoza. Pa nthawi yake unali ndi nzeru, chifukwa onse akakhala osaona, bola kutsogoza amene msewuwo anaumeza. A Karnail ankadziwa pamene pali mlatho wopanda chotchinga, pamene ngalande imadya msewu, pamene ana a sukulu amawolokera. Anatsogola zaka zambirimbiri osataya lole ngakhale imodzi, ndipo malipiro ake linali khutu lija.

Rada ine ndinayamba kuiona m'galimoto ya mwini ng'anjo wina, amene anabwera nayo makoswe atamudyera mawaya. Ndi kabokosi kosaposa mtanda wa sopo, kobisika kuseri kwa bampala. Kamaponya mafunde osaoneka ndi maso, mafundewo akagunda chinthu amabwerera, ndipo kabokosiko kamadziwa kuti kutsogoloku kuli chinthu, chili patali bwanji, ndiponso mukuchiyandikira mwaliwiro lotani. Chifunga sichikatchinga, ngakhalenso fumbi. Ndinakagwira m'manja ndili kukamwa yasa. Nditamva mtengo wake ndinakabwezera msanga pamalo pake, kuopa kukagwetsa. Chinandiwawa n'chakuti mwini galimotoyo sankatuluka m'nyumba chifunga chisanachoke. Ankadikira dzuwa, akudya chapati za batala. Chinthu choonera m'chifunga chinali ndi munthu wosayenda m'chifunga, pamene oyendamo anali ndi windo lotsegula ndi pemphero basi.

Kwa zaka zingapo ndinkangoti ndi mmene dziko lilili. Kenako zinthu zinatembenuka. Mafakitale a m'dziko mwathu momwemuno anayamba kupanga timabokosito, osadikiranso tochokera kutsidya kwa nyanja. Ntchito imene kale inkafuna zipangizo zambiri anaipanikiza m'kachipangizo kamodzi kangati chikhadabo, ndipo mtengo unatsika mpaka kufika pa tayala limodzi labwino. Tayala limodzi, pamene lole iliyonse imayenda pa matayala khumi kapena kuposa, ndipo timawataya chaka chilichonse osalira. Wogulitsa wina atabwera pabwalo pathu ndi chikwama chake, bwana Jagrup anakambirana naye tsiku lonse ngati akugula ng'ombe, n'kugula timabokosi tisanu, ta malole asanu atsopano.

Ndinatiika ndi manja angawa, ndipo ndinene zoona, sindinasangalalepo ndi ntchito ngati sabata imeneyo. Titamaliza tinaunjika makatoni opanda kanthu pakati pa bwalo, m'mawa wa chifunga choyamba. Lakhvir, wamkulu mwa anyamata asanu aja, analunjika makatoniwo ndi lole yake osawaona n'komwe. Kabokosi kanalira, mabuleki anagwira okha, lole n'kuima makatoni ali chiimire. Anyamata anavina pabwalo. A Karnail anayang'ana chapatali atafunda bulangete lawo, n'kunena kuti, "Makatoni sayenda ndi nzimbe pamsewu," koma madzulo ake ndinawapeza atagwada pabampala ya Lakhvir akusisita kabokosiko ndi chala.

Ankasisita chifukwa kuona bwino sankathanso. Ine ndinali nditazindikira kale. Chaka chimenecho ankangobwera kwa ine kuti nyali zafooka, ndiwaikire zowala kwambiri, chonsecho nyalizo zinali zatsopano. Tsiku lina ndinawaona akuthira tiyi pambali pa kapu. Nditafunsa mayi Gurmel, anandiuza monong'ona kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo adokotala anati n'zochotseka mosavuta. Koma bamboo akukana kupita nyengo ya chifunga isanathe, akuti malole sanganyamuke popanda iwo.

Ndinapita kwa bwana. Ndinawapeza mu ofesi atayandikira hitala yotenthetsera chipinda, akusenda mtedza wokazinga n'kumaponya makoko pansi kuti wina adzasese.

"Bwana, timabokosi tabwera tisanu. Malole ndi asanu ndi imodzi."

"Kuwerenga ndimatha, Tarsem."

"Nanga ya Ustad?"

"Ija ikupita kung'anjo tikakolola tirigu. Ukufuna ndigulire nkhuku mkanda mpeni ndili nawo kale m'manja?"

"Lole yakale ngati ija mabuleki sangagwire okha, ndikudziwa. Koma kulira kokhako n'kokwanira, munthu aponda yekha. Tikadzaigwetsa ndidzachotsa kabokosiko tidzaike pa ina. Sikawola."

"Ndiye udzakaika pa inayo ikadzabwera. Ukufulumira chiyani, uli ndi gawo kwa wogulitsa uja?"

Ndinameza mawu amenewo. "Chabwino, bwana. Ndiye masiku a chifunga okha, asinthane ndi mnyamata mmodzi. Ustad atenge yatsopano, poti ndiwo otsogola."

Bwana anasiya kusenda mtedza n'kundiyang'ana ngati ndawapempha mwana wawo wamkazi. "Lole yatsopano ndipatse munthu wa ng'ala? Iwe wawaona maso akewo? Akandikalira penti pageti pomwepa."

Apa m'pamene magazi anga anawira. Ndinkaganiza kuti ndikusungira a Karnail chinsinsi, kuopa kuti angachotsedwe ntchito. Kani bwana ankadziwa kalekale. Ankadziwa kuti munthuyo saona, moti penti ya lole yatsopano sakanamukhulupirira nayo, koma kumutsogoza m'chifunga ndi zitsulo zodzaza kumsana, zimenezo zinalibe vuto. Ndinawauza kuti ngati ndi choncho alamule okha kuti Lakhvir azitsogola.

"Za madalaivala ine sindilowerera," anatero akubwerera ku mtedza wawo. "Ali ndi mwambo wawo. Ine ndimalemekeza mwambo."

Ndinatuluka nditalemba m'madzi. Munthu ameneyu mwambo wa kupatsa antchito zovala pa chikondwerero cha Diwali anauthetsa yekha, koma uwu wokha, wosamudyera kanthu, ndiye anaugwira ndi manja awiri.

A Karnail ndinawapeza pamalo omwera tiyi kunja kwa geti, atakhala pabenchi, kapu ili m'manja onse awiri. Ndinakhala kumanzere kwawo.

"Ustad, chaka chino khalani pambuyo. Atsogole Lakhvir, kabokosi kake kakuonereni nonse."

"Ukulankhulira khutu lakufa, iwe wamawaya."

"Ndakhala kumanzere."

"Ndiye lafanso ili."

"Musandiseweretse, akulu. Tiyi mumathira pansi, ndimaona."

Anauzira tiyi amene anali atazizira kale. "Tandiuza, iwe wanzeru. Ndikakhala pambuyo, Jagrup adzandisungira chiyani? Nkhope yokongolayi? Lole yatha, maso atha. Chatsala n'chimodzi chokha, chakuti chifunga chikagwa anawa amayang'ana ine. Tsiku limene adzafike ku Sangrur ine ndili kumchira, mawa lake ndidzakhala pakhonde kuthamangitsa ntchentche."

"Pakhonde pali bwino kuposa m'ngalande."

"Unakhalapo? Bambo anga anakhala pakhonde zaka zawo zomaliza, akupempha madzi kwa azipongozi awo. Ine ayi. Chifunga ichi chikatha ndikachotsa ng'alazi, Jagrup agula lole ina, udzandiikira kachitsulo kakoko, tione ngati kangandiphunzitse msewu wa ku Barnala."

"Chifunga chidakalipo mwezi wathunthu."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, Tarsem. Lipira tiyiyu, wandisowetsa mtendere."

Ndinawakwiyira kwambiri, koma sindikanatha kunena kuti akunama. Bwana wathu iwo ankamudziwa kuposa ine.

Mayi Gurmel atamva kuti bwana wakana, anavula ndolo zawo zagolide za paukwati n'kundipatsa kuseri kwa nyumba kuti ndikagule kabokosiko ndekha. Tsoka ilo amuna awo, amene khutu limodzi linkawamvera zambiri kuposa awiri a anthu ena, anatulukira. "Ndolo za mkazi wanga pabampala ya Jagrup? Bwezera pomwepo, usanadye khofi ukalamba wako uno." Anyamata asanu aja nawo anati asonkha, koma chikondwerero cha Lohri chikadutsa. Kwathu kuno munthu akati "chikadutsa" ndiye kuti wakana mwaulemu.

Anatsala Lakhvir. Ndi mnyamata wabwino, wa mapewa aakulu ndi mtima wofewa, ndipo a Karnail anamutola ali wotsuka matayala monga mmene iwo anayambira. Ndinamukokera kuseri kwa lole yake.

"Mawa ukawapitirire. Mukangotuluka m'tauni, ukaponde, ukakhale patsogolo."

Anagwira makutu ake onse awiri ngati ndatukwana m'kachisi. "Achimwene, mukufuna ndiziyenda bwanji m'tauni muno? Ndipitirire Ustad? Munthu amene anaima ngati bambo paukwati wanga?"

"Kunja kwa tauni, m'chifunga, akuona ndani?"

"Anayi ali pambuyo pangawo alibe maso? Ndisanabwerere nkhani idzakhala itafika kale kwa amayi anga."

"Ukudziwa kuti saona?"

"Tonse tikudziwa, achimwene. N'chifukwa chake timayenda pafupi nawo, kuti asakhale okha."

"Nanga kabokosi kako, kamene ndinakuikira kaja, kamaona chiyani mukamayenda?"

"Kamaona lole ya Ustad. Bwinobwino, sikaitaya ngakhale pang'ono."

Anayankha choncho ndi nkhope yowala, ngati akundiyamikira ntchito. Anthu anaswa mitu m'mafakitale kuti chinthuchi chitsike mtengo chifike kwa wonyamula zitsulo, ndipo chinafikadi. Ife n'kutenga maso asanu oboola chifunga, kuwandandalika m'mbuyo mwa munthu wosaona, kuti aziyang'ana matako a lole yake. Tinali titagawana bwino ntchito yake. Wina anaikapo kuumira, wina liuma, wina ulemu, ndipo aliyense akafunsidwa anali ndi yankho lomveka.

Ananyamuka motero masiku angapo, n'kumabwerera bwino, ndipo ndinayamba kuoneka ngati mlaliki wa tsoka. Anyamata akandiona ankalira ngati kabokosi, "pi pi pi," n'kumaseka. M'mawa wa tsiku lina chifunga chinali chonyowa, chodontha m'ndevu. A Karnail anagwira chitseko cha lole yawo n'kunong'ona pemphero monga mwa masiku onse, anyamata anawagwira mawondo, ine ndinapukuta nyali zawo ndi nsanza, poti n'chokhacho chimene ndikanatha. Anatsitsa windo, anakulunga bulangete m'khosi, mutu panja. Nyali zawo zofiira zinazimirira asanafike n'komwe pageti, ndipo malole asanu aja anatsata.

Foni ya Lakhvir inandipeza ndikumwa tiyi wachiwiri. Mawu ake sindinawamve bwino, ndinangomva "Ustad" ndi dzina la mudzi wina kupitirira Malerkotla. Ndinakwera njinga yamoto.

Chimene chinachitika n'chimene chimachitika chaka chilichonse nyengo yodula nzimbe. Mlimi wina ngolo yake inathyoka tayala, yodzaza nzimbe mpaka kumwamba. Anaimasula kuthirakitala n'kuisiya pamsewu pomwepo, popanda nyali, atangoika nthambi ya mtengo kumbuyo kwake, iye n'kupita kukafuna womukonzera. A Karnail maso awo anali pamzere woyera kumanja. Sankathamanga, Lakhvir akulumbira, ndipo ndikumukhulupirira. Koma zitsulo sizifuna liwiro. Lole itagunda n'kuima, katundu wa kumbuyo anapitiriza ulendo, n'kukankha chipinda cha dalaivala mpaka kuchipanikiza pangolo ya nzimbe.

Nditafika, chinthu choyamba kuchiona sichinali lole yawo. Ndinayamba kudutsa yomaliza ya zatsopano zija, kenako ina, kenako ina, zonse zitaima pamzere wowongoka, iliyonse itasiya mpata wabwino pakati pa iyo ndi inzake, ngati zaimikidwa kuti zijambulidwe. Timabokosi tonse tinalira pa nthawi yake, mabuleki onse anagwira. Ngakhale nyali imodzi sinasweke. Kabokosi ka Lakhvir, kakanakhala patsogolo, ngolo ija kakanaiona kutali, chifukwa ngolo ya chitsulo yodzaza nzimbe si makatoni. Ndinaima pakati pa msewu ndikutukwana mokweza, osadziwa kuti ndikutukwana ndani. Anthu a m'mudzi anali akudula chitseko ndi macheka kuti awatulutse.

Kuchipatala cha ku Ludhiana anawadula miyendo yonse iwiri m'mawondo. Tsiku limene anatsitsimuka bwino ndinali pambali pa bedi, kumanzere. Nduwira anali atawavula, ndipo kanali koyamba kuona imvi zawo zonse.

"Ana aja?" anafunsa.

"Onse ali bwino."

"Malole?"

"Osakalika n'komwe."

Anatseka maso. "Ndiye bola," anatero.

Ndinafuna kuwagwedeza. Ndinafuna kuwauza kuti palibe bola apa, kuti anawo akanakhala bwino ngakhale iwo akanakhala kumchira akuimba nyimbo. Koma munthu wa mapaipi m'mphuno sumuuza zimenezo, ndiye ndinatuluka.

M'khonde la chipatala Lakhvir anali atakhala pansi akulira ngati mwana, masiku atatu osapita kwawo. Mayi Gurmel atatuluka ndi beseni, anakwawa n'kuwagwira mapazi.

"Amayi, ndikhululukireni. Sindikanatha kuwapitirira. Ndinkawalemekeza."

Mayiwo sanakuwe. Anamuyang'ana kuchokera pamwamba, beseni lili m'manja. "Ulemu wako ndauona, mwanawe," anatero. "Uli pabedi apo. Lowa ukauone, ndaufunditsa bulangete." Atatero anapita kukataya madzi.

Bwana Jagrup kuchipatala anabwera kamodzi, ndi thumba la malalanje, n'kuuza a Karnail kuti zonse n'zolembedwa kumwamba. Kubwalo ndiye kunali chikondwerero. Anapita kukachisi kukathokoza kuti malole ake asanu apulumuka, n'kubwera ndi mabokosi a laddu, maswiti achikasu aja a paukwati, kugawira aliyense mpaka mlonda. Wogulitsa uja anabweranso, kudzajambula malole asanuwo atandandalikidwa, ndipo ndikumva kuti chithunzicho amaonetsa eni malole ena mpaka lero, n'kumawauza kuti taonani, asanu onse anaima. Sakunama. Amangoiwala kutchula kuti anaima kumbuyo kwa chiyani. Langa laddu ndinapatsa galu wa pageti.

Sabata yotsatira chifunga chinagwanso, ndipo zitsulo zinayenera kupita. Anyamata anaima pabwalo akuyang'anana, kenako onse anatembenukira kwa Lakhvir, popeza tsopano wamkulu anali iye. Anakwera, mawindo otseka, hitala ikuyaka, n'kutsogola. Panjira kabokosi kake kanalira kawiri, koyamba chifukwa cha basi yoima, kachiwiri chifukwa cha njati, ndipo anafika ku Sangrur n'kubwerera kudzadya chamasana kwawo. Mwambo sunaphwanyidwe ngakhale pang'ono, wamkulu ndiye anatsogola. Atatsika anapita kuseri kwa galaja kukasanza.

Ng'ala zija anawachotsa a Karnail adakali m'chipatala, poti anali kale pomwepo. Inali ntchito ya m'mawa umodzi. Lero amaona kuposa ine. Amakhala pabedi la zingwe pakhonde la nyumba yawo, nduwira yabuluu ili pamutu, ndipo ndikamabwera amandizindikira ndidakali kumapeto kwa msewu. Amandinyoza kuti ndakalamba, amanyoza njinga yanga, amafunsa ngati Lakhvir wasiya kudya giya. Akafuna madzi amaitana mayi Gurmel, ndipo asanaitane amayamba ayang'ana ngati mayiwo sali otanganidwa. Za kabokosi sitinakambepo.

Lole yawo sinadikire kukolola tirigu. Anaikoka kubwera nayo pabwalo, ndipo bwana anandituma kuti ndichotsemo batire ndi mawaya, chilichonse chogulitsika, isanapite kung'anjo. Ndinagwira ntchitoyo ndekha, anyamata onse ankaizungulira patali. Kutsogolo kwake kunalibenso mawonekedwe. Bampala inali itapindikira mkati mpaka kukhudza injini, ndipo m'mipata monse munali nzimbe zophwanyika zimene zinali zitayamba kununkha chowawasa.

Bwana anabwera ndili chogwada pamenepo. Anaizungulira loleyo manja ali kumbuyo, akugogoda apa ndi apo ndi nsapato kuti amve kulemera kwa chitsulo. Atafika kutsogolo anawerama, n'kuloza pakati pa bampala.

"Kabokosi kaja ukanakaika pati?"

"Pomwepo mwalozapo."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono, n'kundigwira paphewa ngati bambo wolangiza mwana. "Waona, Tarsem? Ndikanakumvera, kakanaphwanyikira limodzi."

Ndinadzutsa mutu kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka ayi, ankadikira kuti ndivomereze.